Mayi Mafuta ndi Chitunda Chimene Chinasowa

Taganizirani m'mawa wamba pakati pa sabata. Msewu wayamba kudzaza. Ana asukulu akuthamanga malaya ali kunja, wogulitsa buledi akuliza belu la njinga, ndipo pakona, pafupi ndi pokwerera basi, bambo wometa tsitsi akutsegula shopu yawo uku akuyankhula kale, ngakhale kasitomala sanafike ndi mmodzi yemwe. Amene akuwamvera ndi akazi awo, mayi wamfupi wa chikwama chakuda, amene akuyenda chafutambuyo pang'onopang'ono kuti nkhani ikamatha akhale atafika patali. Akafika pa mtengo wa magetsi akukweza dzanja, n'kutembenuka, n'kulunjika ku yunivesite.

Bambo wometawo anthu amawatcha a Wailesi, ndipo chifukwa chake mwachiona kale. Akazi awowo ndi Mayi Mafuta.

Pa zaka zimene ndikunenazi, Mayi Mafuta ankagwira ntchito m'chipinda choyesera za sayansi, labu ya kumapeto kwa khonde, pansanjika yachiwiri. Munali firiji yong'ung'udza tsiku lonse, shelefu ya timabotolo tabulauni, sinki ya mpopi wodontha, ndi beseni lachitsulo la madzi ofunda, la chivindikiro ndi kanyale kofiira, limene onse a m'labumo ankangolitcha bafa. Pakona panali makina oyezera, olumikizidwa ku kompyuta. Zenera linayang'ana pansi, pa benchi ya simenti ya patsinde pa mtengo.

Ntchito yawo si yovuta kuimva munthu akadekha. Thupi la chamoyo chilichonse linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo selo iliyonse inakutidwa ndi kachikopa ka mafuta, kopyapyala kwambiri moti maso sangakaone. Kachikopako kali ndi khalidwe la majarini: kakazizidwa kamalimba, kakafunda kamafewa. Ndiyeno pali tizidutswa ta puloteni totchedwa mapeputaidi. Ena mwa iwo amalowa m'kachikopamo n'kupanga kanjira, ngati kapaipi, kodutsa madzi ndi mchere. Mankhwala ena opha tizilombo toyambitsa matenda amagwira ntchito motero, poboola chikopa cha kachilombo. Funso la Mayi Mafuta linali lakuti: kodi alendo oboolawa akalowa, mafuta aja amalimba ndi kufewa monga kale, kapena amasintha khalidwe?

Funsoli sanalitole m'buku. Bambo awo anali okonza njinga zamoto, ndipo iwo ali mtsikana ankakonda kunjuta pa zithaphwi za pagalaja, kuyang'ana utawaleza umene dontho la oyilo limayala pamadzi. Atakula anaphunzitsa sayansi kusekondale zaka zambiri. Tsiku lina mtsikana wina wa kumbuyo kwa kalasi anafunsa kuti ngati kachilombo kali ndi chikopa, mankhwala amalowera pati. Iwo anayankha zimene ankadziwa, koma popita kunyumba anamva kuti yankholo linali lopanda mchere. Safunsa adadya phula. Ana awo atakula, anasiya choko n'kubwerera pa desiki, kukafuna digiri ya udokotala ali ndi imvi zoyamba m'mbali mwa makutu.

Abale sanamvetse bwino. Apongozi awo aakazi atamva kuti mkamwana amakhalira mafuta tsiku lonse, anaganiza kuti ndi fakitale, ndipo ulendo uliwonse ankabwera ndi botolo lopanda kanthu m'chikwama, mwina n'kupatsidwako a ndiwo. Dzina la Mayi Mafuta linayambira pamenepo, ndipo linawatsatira mpaka ku labu.

Tsiku lawo linkayenda chimodzimodzi. M'mawa ankasakaniza mafuta ndi mapeputaidi m'kachubu kagalasi, n'kuumitsa mpaka patatsala kautoto kopyapyala m'mbali. Kenako ankathiramo madzi amchere, n'kukhutchumula mpaka zitayera ngati mkaka wosungunula, n'kuika kachubuko m'bafa kuti mafuta afewe. Akamafika pamenepa dzuwa linkakhala lili pamutu, ndipo pansi pa zenera pankamveka likhweru. Anali a Wailesi, atatseka shopu, atanyamula chakudya m'zitini ziwiri zosanjikiza. Mayi Mafuta ankavindikira bafa, kusamba m'manja, n'kutsika.

Pa benchi paja ndi pamene ankamva zonse za m'tauni. Mpando wa wometa ndi malo oulula zinsinsi, ndipo a Wailesi sankataya kanthu. Koma nkhani zawo zinali ngati basi ya m'tauni: kuima paliponse, kunyamula aliyense. Akayamba za mwini golosale, ankadzera kwa mlamu wake, n'kukhota kwa galu wa mlamuyo, ndipo pofika pa mwini golosale uja mpunga unkakhala utazizira. Mayi Mafuta ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi kolala ya jasi loyera. Akakwera m'mwamba, ankatulutsa kachubu kaja m'bafa n'kuyeza.

Makina aja amatenthetsa zimene mwaikamo pang'onopang'ono, uku akujambula mzere pa kompyuta. Mafuta akakhala okha, onse amafewa nthawi imodzi, ngati ana otuluka m'kalasi belu likalira, ndipo mzerewo umadumpha n'kupanga phiri lalitali losongoka. Koma Mayi Mafuta akaikamo mapeputaidi awo, phiri lija linkasowa. M'malo mwake pankabwera chitunda chachifupi, chotambalala. Tanthauzo lake linali lakuti mafuta asiya kuchitira zinthu limodzi: oyandikana ndi timapaipi tija ankatsalira, ena n'kumatsogola. Anayeza mobwereza miyezi yambiri, ndipo chitunda chinkabwera nthawi zonse. Chinakhala mutu waukulu wa buku lawo la digiri. A Wailesi anachisimba kwa makasitomala onse, ngakhale m'kamwa mwawo chinkamveka ngati akazi awo agumula phiri lenileni.

Mkulu wa labuyo anali a Pulofesa, bambo wofatsa amene ankaiwala tiyi pa desiki mpaka kuzizira. Iwo anali ndi lamulo limodzi losasunthika: chimene dzanja limodzi lapeza, dzanja lina lichipezenso. Mayeso omaliza atayandikira, oyesa ochokera kwina ataitanidwa kale, anapereka ntchitoyi kwa Changu, wofufuza mnzawo wa m'labu momwemo. Changu anali waluso ndi woona mtima, koma ankakwera masitepe chothamanga ndipo ankadya ataimirira. Mayi Mafuta ankamutcha achimwene, choncho a Wailesi nawo ankamutcha alamu.

Changu anaonerera m'mawa umodzi, anamvetsa zonse, n'kuyamba. Anasakaniza, anaumitsa, anathira madzi, anakhutchumula, anaviika m'bafa mpaka mafuta atafewa, n'kuyeza pompo. Pa kompyuta panatuluka phiri, losongoka ngati msomali.

Anabwereza. Phiri. Anabwerezanso. Phiri lomwe lija.

“Amayi, mwina ndi manja anga,” anatero Changu akukanda mutu. “Kwathu amati ndikakhudza mkaka umasasa.”

A Pulofesa anayang'ana mizere iwiriyo nthawi yaitali. Sanakalipe, pakuti sanali munthu wokalipa. Anangonena kuti sakukayika kuti Mayi Mafuta anaona zimene anaona, koma chitunda chikapanda kutuluka m'manja mwa Changu, mutu umenewo uchoka m'buku. Onse ankadziwa kuti mutuwo ukachoka, buku silingaime, ndipo mayeso sangachitike.

Anayamba kusaka cholakwika. Anasinthana mabotolo. Anatsuka machubu ndi sopo wina. Anatenga madzi ku labu ya pansi. Anaitana wokonza makina, amene anamasula, kupukuta, kumanga, n'kunena kuti makinawo ali ndi thanzi kuposa iye mwini. Koma zinthu zinali zomwezo: Mayi Mafuta chitunda, Changu phiri.

Ndiye Mayi Mafuta anachita zimene munthu wakhama aliyense akanachita. Anauza amuna awo kuti asiye kaye kubwera masana, chifukwa nthawi yochezera palibe. A Wailesi anadandaula kuti nkhani zikawunjikana m'mimba zimatupitsa, koma anamvera. Kuyambira tsiku limenelo Mayi Mafuta ankatafuna buledi ataimirira pambali pa Changu, n'kumachita chilichonse limodzi naye, dzanja ndi dzanja, kuti aone pamene akusiyana.

Sanasiyane paliponse. Ndipo tsopano ngakhale m'kachubu kawo munayamba kutuluka phiri.

Apa ndiye Mayi Mafuta anataya mtima. Chitunda chimene anachiona miyezi yonse ija chinasowa ngati chinali maloto. Anayamba kudzifunsa ngati ankaona zimene mtima unkafuna. Madzulo ankafika kunyumba n'kukhala pampando wa kukhitchini nsapato zili kumapazi. A Wailesi ankaphika, kupakula, n'kuyesa kankhani, koma ankangomva “mmm”. Kushopu makasitomala anayamba kufunsa ngati batire yatha.

Tsiku lina masana, Mayi Mafuta atangoviika kachubu m'bafa, likhweru lija linamveka. Anasuzumira pa zenera. A Wailesi anali ataima pa benchi ndi zitini zawo, malaya atanyowa ndi thukuta.

“Bambo, si tinagwirizana?”

“Tinagwirizana, mayi. Koma iyi ndikaisunga mpaka madzulo mundipeza nditaphulika. Tsikani, ndi yaifupi.”

Changu anaseka ali pa sinki. Anati pa zaka zonse zimene wawadziwa alamu ake, yaifupi sanaimvepo. Mayi Mafuta anausa moyo, anavindikira bafa, n'kunena kuti abwera pompano.

Nkhani yake inali iyi. M'mawa umenewo kunabwera kalipentala wina kudzameta, ndipo anagona pampando makina akulira. A Wailesi atamaliza mbali imodzi ya mutu, foni ya kalipentalayo inalira: mkazi wake wayamba kudwala, ali kale kuchipatala cha amayi. Munthu uja anadzambatuka n'kuliyatsa liwiro, nsalu yometera ili m'khosi, theka la mutu likuwala, theka lili thengo. A Wailesi anamuthamangira, choyamba pofuna nsalu yawo, kenako poganiza kuti mwana sangabadwe n'kuona bambo wake ali choncho. Anadutsa pamsika, pamene amayi ogulitsa nthochi anaganiza kuti kalipentalayo ndi wakuba. Apa nkhani inakhota kaye kufotokoza za mmodzi wa amayiwo ndi mwamuna wake wakale. A Wailesi ndi kalipentala uja anakwera basi imodzi, ndipo kondakitala anafuna kudziwa ngati imeneyi ndi sitayelo yatsopano. Pomaliza, pa benchi ya pakhonde la chipatala, a Wailesi anamaliza ntchito yawo ndi lumo ndi chipeso cha m'thumba, anamwino akudutsa n'kumagwira pakamwa. Atangosasa tsitsi la pa phewa, chitseko chinatseguka: mwana wamkazi, wathanzi, wa tsitsi lambiri kuposa bambo wake.

Mayi Mafuta anaseka kwa nthawi yoyamba pa masabata angapo. Anaseka mpaka nthiti kuwawa, anadya zonse, n'kupempha zotsala za amuna awo. Atakumbukira kachubu kaja, mthunzi wa mtengo unali utasuntha.

Anakwera akudzidzudzula. Anatulutsa kachubuko n'kupita nako pa sinki kuti akataye, poganiza kuti kakhalitsa, kaonongeka. Koma mwana wa wokonza njinga sataya chinthu asanachiyese. Anaika m'makina n'kuyamba kutsuka magalasi, osayang'ana n'komwe.

“Amayi,” anatero Changu chapansipansi. “Tabwerani muone mlendo.”

Pa kompyuta panali chitunda. Chachifupi, chotambalala, chomwe chija.

Anaima onse awiri ngati aona mzukwa wa m'bale wokondedwa. Changu anafunsa chimene achita chosiyana lero. Iwo anati palibe: botolo lomwelo, madzi omwewo, manja omwewo.

“Ndangodya basi.”

“Mwadya nthawi yaitali bwanji?”

“Mpaka mwana atabadwa.”

Changu anawayang'ana. Mayi Mafuta anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana bafa, kanyale kake kofiira kakuphethira. Anakhala pa stulu n'kugwira kumutu. Miyezi yonse ija machubu awo ankakhala m'madzi ofunda kwa utali wa nkhani za a Wailesi. Iwo sankaona kuti imeneyo ndi mbali ya ntchito. Kwa iwo inali nthawi ya chakudya. Pomuphunzitsa Changu anangomuuza kuti aviike mpaka mafuta afewe, ndipo Changu, pokhala Changu, akangofewa ankatulutsa. Kenako iwonso anasiya kudya pa benchi n'kuyamba kutulutsa msanga. Mphunzitsi amene anakhala zaka akuuza ana kuti poyesa chinthu azinena chilichonse chimene achita, anali ataiwala kunena kuti amapita kukadya.

Koma kuganiza sikudziwa. M'mawa mwake anakonza timachubu tambiri tofanana n'kutiviika tonse nthawi imodzi. Koyamba anakatulutsa katangofewa, tinato ankatulutsa kamodzikamodzi, motalikitsa, akuyang'ana wotchi ya pakhoma. Poti makina amayeza kamodzi pa nthawi, ntchitoyi inatenga masiku. Ataika mizere yonse pamodzi, inaoneka ngati zithunzi za phiri limene likukalamba: loyamba losongoka, lachiwiri lofupikirapo, lachitatu lawerama, mpaka lomaliza litagona n'kukhala chitunda. Changu anabwereza yekha, Mayi Mafuta atatuluka m'chipindamo, ndipo anadikira ngakhale miyendo inkamuyabwa. Chitunda chinatuluka m'manja mwake.

Anakabwereka makina ena a ku labu ya pansi, amene amaonetsa ndi kuwala mmene puloteni yapindikira, ndipo anapeza chifukwa chake. Mapeputaidi awo ankalowa m'mafuta atapotana ngati zingwe zosungidwa m'thumba. Pankafunika kufunda ndi nthawi kuti amasuke, aimirire bwino, apange timapaipi tija. Asanatero, mafuta sankawalabadira kwenikweni. Akatero, m'pamene ankagwira mafuta oyandikana nawo, mgwirizano wofewera limodzi uja n'kutha.

A Pulofesa ataona mizereyo anavula magalasi n'kuseka mwakachetechete, mapewa okha akugwedezeka. Anati poyamba anali ndi yankho limodzi, tsopano ali ndi awiri: chimene chimachitika, ndi nthawi imene chimayamba. Mutu uja suchoka, uwonjezeredwa. Anakumbutsa Changu kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma anawonjeza kuti pakanapanda liwiro lake, palibe akanadziwa kuti pali nkhono yoti n'kuiyang'ana. Changu anapempha kuti pa zipangizo zofunika alembepo mwamuna mmodzi wolongolola, wofunda bwino.

Amene anavutika kuimvetsa nkhaniyi ndi a Wailesi. Mayi Mafuta anawafotokozera pa benchi pomwe paja, ndipo bamboyo anafunsa:

“Ndiye kuti zaka zonsezi mumati ndimakuchedwetsani, ine ndinali pa ntchito ya yunivesite?”

“Munali pa ntchito, bambo.”

“Popanda yunifolomu?”

Madzulo ake tauni yonse inali itamva. Mwa kufotokoza kwa a Wailesi, asayansi anasowa mtengo wogwira mpaka anatumiza uthenga kwa wometa. Mayi Mafuta sanatsutse. Anangopempha kuti kalipentala uja, amene anabwera ndi khanda lake kudzathokoza, asauzidwe kuti theka la mutu wake lili m'buku.

Tsiku la mayeso anavala diresi yabuluu imene mwana wawo wamkazi anawasokera. Oyesa anali atatu, atakhala kuseri kwa tebulo lalitali, ndipo anafunsa mafunso olimba mpaka madzi a m'botolo anatha. Mmodzi wa iwo, mayi wa nkhope yosaseka, anafuna kudziwa chimene chinawapangitsa kuganiza zoyeza nthawi ya m'bafa. Mayi Mafuta akanatha kuyankha mwaulemerero, koma ananena zoona, kuyambira likhweru mpaka mwana wa kalipentala, mwachidule kuposa mwini nkhani. Mayi wosaseka uja anaseka. Kenako anafunsanso funso lina lovuta kuposa onse, ndipo iwo analiyankha.

Pakhonde panali podzaza. Ana awo analipo, Changu analipo ataimirira monga mwa masiku onse, ndipo apongozi anali atakhala pa mpando, chikwama pamiyendo, khosi la botolo likusuzumira. Chitseko chitatseguka, a Pulofesa n'kutchula mawu akuti dokotala, a Wailesi anathamanga n'kufika patsogolo pa onse. Anangowagwira akazi awo manja onse awiri n'kumawagwedeza. Apongozi anafunsa ngati tsopano, poti akwezedwa, angapezeko ngakhale theka la botolo.

Mayi Mafuta akadali m'chipinda chomwe chija, ndipo mpopi uja ukudonthabe. Tsopano ali ndi ophunzira awoawo. Wobwera kumene aliyense amamuimika pa bafa n'kumuuza kuti azinena zonse zimene wachita, ngakhale zimene akuona ngati si ntchito: ngati anayankha foni, ngati anapita kukamwa madzi. Mtsikana uja wa kumbuyo kwa kalasi, amene tsopano ndi namwino, Mayi Mafuta anamutumizira yankho lake, lochedwa koma lokhala ndi mchere. Masana likhweru likamveka amatsikabe, koma amayamba ayang'ana wotchi.

Zimene anapeza zinasindikizidwa, dzina lawo ndi la Changu zili pamwamba. Patapita chaka, labu ina yakutali inatsatira njira yawo, inadikira monga analembera, ndipo inapeza chitunda chomwecho.